Makhadi a mavesi a achinyamata athu ku Chibavi: zolemba za masabata 20

27 Januwale 2024

Ndine mmodzi mwa alangizi atatu a achinyamata pa mpingo wathu wa ku Chibavi, kuno ku Mzuzu, ndipo ndayamba kulemba izi kuti alangizi a m'mipingo ina aone pamene ife tapunthwa asanawononge ndalama zawo. M'kaundula wathu muli anyamata ndi atsikana 38 a zaka zapakati pa 13 ndi 19, ambiri a iwo ophunzira a sekondale yoyendera. Chimene chinatisautsa mtima n'chakuti ana amenewa amaimba bwino m'kwaya ndipo sajomba mapemphero, koma pakati pa sabata sipakhala chilichonse chowalumikiza ndi Mawu a Mulungu. Tinagwirizana kuti Loweruka lililonse, kwa masabata 20, aliyense azilandira kakhadi kokwana m'thumba la malaya a yunifolomu, kolembedwa vesi limodzi loti alisinkhesinkhe ndi kuliloweza pamtima.

Abusa ndi akulu a mpingo anavomereza ganizoli ndipo msungichuma anatipatsa K90,000. Alangizi atatufe tinasonkha K20,000 aliyense, choncho tikuyamba ndi K150,000.

3 Febuluwale

Ndinapita m'tauni kukagula zipangizo. Paketi ya mapepala olimba a A4, momwe muli mapepala 100, ndinagula pa K14,000, ndipo wogulitsa anandiuza kuti mitengo ya mapepala sinakhazikikebe chigwetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala chaka chatha. Pepala limodzi likadulidwa limatulutsa makhadi 8, motero mapepala 5 amakwanira sabata imodzi ndipo paketi yonseyo ikwanira ndendende masabata 20. Ndinasindikiza a masabata anayi oyambirira, mapepala 20 pa K300 lililonse, zomwe ndi K6,000. Sizasi ndi rula zinadya K3,500, ndipo sacramento (njinga ya kabaza) yopita ndi kubwera K2,000. Zatsala K124,500.

Tinafunsa mtengo wokutira makhadi ndi pulasitiki ya pa makina, koma anatiuza K1,000 pa pepala, kutanthauza K100,000 pa ntchito yonse. Ganizo limenelo tinalisiya pomwepo.

2 Malichi

Masabata anayi atha ndipo mavuto awiri aonekera. Loyamba ndi la mvula. Makina amene anatisindikizira ndi a inki yamadzimadzi, ndipo inki yotere ikangokhudzidwa ndi chinyezi imasungunuka. Mtsikana wina wa Fomu 2 wochokera ku Zolozolo ananditulutsira khadi lake m'thumba la juzi, mvula itamunyowetsa pochokera kusukulu, ndipo pamene panali mawu panangotsala banga lobiriwira ndi nambala ya sabata pakona. Ena anachapira makhadi awo limodzi ndi yunifolomu. Aliyense amene wakhala ku Mzuzu amadziwa kuti mvula ya kuno simafulumira kutha ngati ya kummwera, choncho sitikanangodikira chilimwe. Tinasamukira kwa munthu wa makina a fotokope, amene amalemba ndi ufa wakuda womatidwa ndi kutentha, umene susungunuka ndi madzi. Iye amatilipiritsa K200 pa pepala, ndipo a masabata anayi otsatira ndalipira K4,000. Tagulanso selotepu yaikulu yoonekera, mipukutu inayi pa K10,000, yomata khadi kutsogolo ndi kumbuyo. Ntchito yomatayi imatitengera maola awiri Lachisanu madzulo, ndipo taona kuti mukasiya kam'phepete kosamatidwa, madzi amalowera pomwepo n'kufufumitsa pepala.

Vuto lachiwiri ndi la WhatsApp. Tinatsegula gulu loti tizikumbutsirapo vesi Lachitatu lililonse, ndipo ndinagula bandulo ya K3,000 kudzera pa Airtel Money. Mwa ana 38, amene analowa m'gululi ndi 9 okha, ndipo mwa amenewo 6 amagwiritsa ntchito foni za makolo awo, zimene amazigwira usiku pamene eni ake aweruka kuntchito. Zinapwetekanso kwambiri kuona kuti amene alibe foni anayamba kudzimva ngati otsalira, chifukwa anzawo ankabwera Loweruka akukambirana zimene zalembedwa pagulupo. Gululo talitseka. Zatsala K107,500.

9 Malichi

Lero panabuka mkangano umene sitinauganizire, wa Baibulo loti titsate. Pa makhadi takhala tikukopera Buku Lopatulika, limene linamalizidwa kumasuliridwa mu 1922 ndipo ndi limene ambiri a ife tinakulira. Mnyamata wina anabwera ndi Buku Loyera, la mu 1998, ndipo anafunsa chifukwa chake pa khadi palembedwa kuti Yehova pamene m'buku lake mwalembedwa kuti Chauta. Mtsikana wina, amene kwawo amapemphera m'Chitumbuka, anati agogo ake amati Chiuta, ndipo ena awiri amene ali pa sukulu zolipira anati iwo amamva bwino vesi likakhala m'Chingerezi. Panalinso wina amene anabweretsa Baibulo lakale la abambo ake la kalembedwe ka kale, momwe chikondi chimalembedwa kuti cikondi, ndipo powerenga mokweza ankadodoma pa mzere uliwonse.

Ana a ku Mzuzu amayenda ndi zilankhulo zitatu tsiku limodzi: china kunyumba, china m'njira ndi kumsika, china m'kalasi. Ife tinalakwitsa poganiza kuti onse adzaloweza mawu ofanana. Tagamula kuti aliyense aziloweza vesi m'Baibulo limene lili kunyumba kwawo, ndipo pokumana tiziliwerenga m'mabuku onse amene abwera. Mnzanga wamkazi amene timalangiza naye limodzi ndi amene anatsogolera kuwerengaku, ndipo ola lonse linathera pa Masalimo 23, ana akufananitsa mawu ndi kufunsana tanthauzo la liwu lakuti busa. Kuyambira pamene tinayamba, sindinawaonepo akulimbikira chomwechi.

23 Malichi

Apa ndilemba motalikirapo chifukwa cholakwa cha sabata ino chasintha ntchito yonse. Khadi la pa 16 Malichi linali ndi mawu a Paulo kwa Timoteo akuti, "Munthu asapeputse ubwana wako," ndi chilimbikitso chakuti akhale chitsanzo kwa okhulupirira m'mawu, m'mayendedwe, m'chikondi, m'chikhulupiriro ndi m'kuyera mtima. Vesi limeneli lili pa 1 Timoteo 4:12. Ine potayipa ndinalemba 2 Timoteo 4:12, ndipo anzanga awiri aja sanaone cholakwacho pamene tinkadula ndi kumata.

Makhadi 35 anatuluka tsiku limenelo. Lero pokumana, ana ambiri analakatula vesilo pamtima bwinobwino, n'kumaliza ndi kunena kuti 2 Timoteo 4:12, ndipo ife tinawaombera m'manja. Titatsala pang'ono kutseka, mtsikana wina wa Fomu 1, wofatsa kwambiri moti mawu ake sindinkawadziwa bwino, anakweza dzanja nati, "Ankolo, ine ndinatsegula pamene mwalembapa, koma pakunena za munthu wina amene anatumidwa ku Efeso." Ndinatsegula Baibulo langa pamaso pa onse ndipo ndinapeza kuti akunena zoona: 2 Timoteo 4:12 ndi pamene Paulo akungodziwitsa Timoteo kuti watuma Tukiko ku Efeso. Ndinapepesa, ndinamuthokoza, ndipo tinakonza makhadi onse ndi cholembera pamwamba pa selotepu.

Chimene chinandisowetsa tulo si nambala yolakwikayo ayi, koma kuti mwa ana 35, mmodzi yekha ndi amene anatsegula Baibulo m'sabata yonse. Khadi lathu, m'malo mowatsogolera ku Malemba, linali litalowa m'malo mwa Malembawo. Ndinafunsa kuti akweze manja amene ali ndi Baibulo lawolawo ndipo anakweza 11. Ena amabwereka la makolo Lamulungu lokha, ndipo 8 anati m'nyumba mwawo mulibiretu. Funso limeneli tikanayenera kulifunsa mu Januwale tisanagule pepala ngakhale limodzi.

6 Epulo

Loweruka la pa 30 Malichi sitinakumane chifukwa cha mapemphero a Pasaka, ndipo tinagwiritsa ntchito mpata umenewo kukonza dongosolo latsopano. Kuyambira sabata yamawa makhadi azikhala opanda kanthu. Ife tizingotchula buku, chaputala ndi vesi, ndipo mwana aliyense azilifuna yekha m'Baibulo, kuwerenga mavesi asanu apamwamba ndi asanu apansi pake, kenako kulikopera pa khadi ndi dzanja lake. Ndalama ya fotokope yathera pomwepa.

Tagula Mabaibulo atatu a Chichewa pa K13,000 lililonse, K39,000 pamodzi. Abusa analengeza m'tchalitchi kuti amene ali ndi Baibulo limene sakuligwiritsa ntchito atibwereke, ndipo analandiridwa 7, ena othothoka chikuto, amene tawamata ndi selotepu yotsala ija. Mabuku 10 amenewa tawalemba manambala ndipo amabwerekedwa kwa sabata imodzi, oyamba kulandira akhala ana 8 aja. Tagulanso makope 40 pa K450 lililonse, K18,000, ndi zolembera za K4,000. M'kopemo mwana azilemba zinthu zitatu zokha: amene akulankhula m'ndimeyo ndi amene akuwalankhula, chimene vesilo likumuuza iyeyo sabata imeneyo, ndi funso limodzi limene lamuvuta. Zatsala K46,500.

M'malo mwa gulu la WhatsApp lija, tawaika awiriawiri malinga ndi kumene amakhala, anyamata paokha atsikana paokha, a ku Chibavi ndi a ku Chibavi, a ku Mchengautuba ndi anzawo a komweko, kuti Lachitatu poweruka kusukulu azikumana kwa mphindi zochepa n'kufunsana vesi. Makolo onse tawadziwitsa za amene mwana wawo azikumana naye.

20 Epulo

Pofuna kuti amene wajomba Loweruka adziwe vesi la sabata, tapanga bolodi. Theka la pulayiwudi K13,000, penti yakuda K7,500, misomali ndi malipiro a kalipentala K5,000, choko K1,500, zonse K27,000. Tinalikhoma pa khoma la kunja loyang'ana kumsewu kuti ana aziliona podutsa. Patangotha masiku 6 m'mbali mwake munayamba kutupa ndi kusendeka, chifukwa mvula yowaza imamenya khoma limenelo ndipo tinapaka penti kutsogolo kokha, m'mbali ndi kumbuyo n'kusiya thabwa losatetezedwa. Kalipentala anadulako mbali yowonongekayo, tinapaka vanishi wa K4,500 m'mbali monse ndi kumbuyo, ndipo tinalisamutsira pakhonde. Tinalikwezanso m'mwamba pang'ono chifukwa ana a Sande sukulu ankafufuta ndi manja. Zatsala K15,000.

11 Meyi

Mndandanda wa mavesi umene tinaukonza mu Januwale unali wodzaza ndi malonjezo a chipambano, popeza tinkaganizira za mayeso a JCE ndi MSCE amene akubwera. Pa 4 Meyi vesi linali Afilipi 4:13: "Ndikhoza zonse mwa Iye wondipatsa mphamvuyo." Lero mnyamata wina wa Fomu 3 anadikira kuti anzake onse atuluke, n'kuika khadi lake patebulo, ndipo anati, "Ankolo, vesili kwa ine silikugwira." Ndinamuuza kuti akhale pansi. Anafotokoza kuti bambo ake anamwalira chaka chatha, amayi ake amagulitsa masamba kumsika, ndipo wakhala pakhomo masabata awiri chifukwa cha fizi. Anati ankanena vesilo m'mawa uliwonse ndipo palibe chimene chasintha, moti wayamba kuganiza kuti mwina chikhulupiriro chake n'chochepa, kapena Mulungu amamvera ana a anthu ena.

Sindinamuyankhe mofulumira. Ndinamupempha kuti atsegule kope lake, ndipo ndinaona kuti mbali yofunsa amene akulankhula anaisiya yopanda kanthu. Tinawerenga limodzi kuyambira vesi 10. Paulo analemba kalata imeneyi ali m'ndende, ndipo m'vesi 11 ndi 12 akunena kuti waphunzira kukhutira ndi zimene ali nazo, kuti amadziwa kukhuta ndi kumva njala, kusefukira ndi kusowa. Zonse zimene akuti akhoza zikuphatikizapo kupirira njala ndi kusowa popanda kutaya Khristu. Mnyamatayo anawerenga vesi 12 kawiri, kachiwiriko pang'onopang'ono chala chili pa mzere, kenako anafunsa kuti, "Ndiye kuti nayenso ankagona ndi njala?" Ndinamuyankha kuti inde, ndipo ndinamuonetsa vesi 14, pamene Paulo akuyamika Afilipi chifukwa chogawana naye m'chisautso chake, ndi mavesi otsatira amene akusonyeza kuti iwo anamutumizira thandizo lenileni.

Ndime imeneyo inatiweruza ifenso. Sikukanakhala koyenera kumufotokozera vesi n'kumusiya abwerere kukakhala pakhomo. Atandilola, ndinakaonana ndi amayi ake, ndipo iwo atavomera ndinatengera nkhaniyi kwa abusa. Komiti yoona za osowa pa mpingo yalipira gawo la fizi kuchokera m'thumba lake, osati m'ndalama za makhadi, ndipo Lolemba abwerera kusukulu.

18 Meyi

Takhala pansi alangizi atatu n'kukonzanso mavesi a masabata otsala. Yeremiya 29:11, limene ana ambiri amalilemba pa chikuto cha makope awo, talisiya pamndandanda, koma tiziliwerenga pamodzi ndi vesi 10, kuti adziwe kuti lonjezo la tsogolo ndi chiyembekezo linalembedwa kwa anthu amene anali ku ukapolo ku Babulo ndipo anauzidwa kuti adikira zaka 70. Tachotsa mavesi atatu n'kuikapo Masalimo 13, pamene Davide akufunsa Mulungu kanayi kuti kufikira liti asanafike ponena kuti akhulupirira chifundo chake. Taikaponso Masalimo 34:18, "Yehova ali pafupi ndi iwo a mtima wosweka". Lomaliza ndi Yesaya 40:30-31, pamene mneneri akuvomereza kuti ngakhale anyamata amalefuka ndi kutopa, asananene za mphamvu yatsopano ya iwo oyembekezera Yehova.

Mmodzi wa akulu a mpingo anadandaula kuti mavesi a madandaulo angafooketse ana. Ndinawayankha mwaulemu kuti mafunso amene ana akulemba m'makope mwawo ndi a maliro, a makolo olekana, a anzawo owakakamiza mowa ndi zibwenzi, ndi a mantha olephera mayeso, ndipo ngati sitiwaonetsa kuti Baibulo limadziwa zinthu zimenezi, adzaganiza kuti ndi buku la anthu amene zinthu zikuwayendera okha. Anavomera kuti tiyese. Makope aja sitiwerenga popanda chilolezo cha mwini wake, ndipo lamulo limeneli tinalinena poyera tsiku limene tinawagawa.

2 Juni

Chiwerengero chinatsika kwambiri kumapeto kwa Meyi: pa 18 anabwera 24, pa 25 anabwera 19. A Fomu 2 ndi Fomu 4 ali ndi makalasi apadera a Loweruka okonzekera mayeso, ndipo sitingapikisane nawo, komanso sitikufuna kutero. Tasamutsira kukumana kwathu ku Lamulungu, mapemphero akangotha. Lero anabwera 33, koma pofika 1 koloko anali ndi njala ndipo kunja kunali kuzizira ndi nkhungu, monga mwa nyengo ino kuno. Tagula shuga, masamba a tiyi ndi makala a K12,000 oti atifikitse kumapeto kwa mwezi, ndipo amayi a mumpingo alonjeza kuti azisinthana kubweretsa mbatata yophika. Tafupikitsanso nthawi kuchoka pa maola awiri kufika pa ola limodzi. Zatsala K3,000.

16 Juni

Dongosolo la awiriawiri likuyenda mosiyanasiyana. Mwa magulu 19, amene akukumanadi Lachitatu ndi 12. Amene akulephera kwambiri ndi amene tinaphatikiza wamkulu ndi wamng'ono kwambiri, monga wa Fomu 4 ndi wa Sitandade 8, chifukwa amaweruka nthawi zosiyana ndipo wamng'onoyo amachita manyazi kufunsa mnzake. Tasintha magulu anayi kuti akhale a makalasi oyandikana. Baibulo nambala 6 linasowa kwa masabata awiri, kenako linabwezedwa ndi mayi wa mwana amene analibwereka, ndipo anati iwo ndi amene analisunga chifukwa ankawerenga usiku mwanayo akagona. Tawasiyira kuti likhale la m'nyumbamo, titapempha chilolezo kwa amene anatibwereka.

7 Julayi

Sabata ya 20 inatha pa 30 Juni, ndipo lero tinakhala ndi tsiku lobwereza. Anabwera 31. Sitinachite mpikisano wolakatula ayi; aliyense anasankha khadi limodzi mwa amene ali nawo n'kufotokoza amene analemba mawuwo, amene ankawalembera, ndi chifukwa chake walisankha. Ana 22 anakwanitsa kufotokoza zonse zitatu, ndipo 9 ananena vesi pamtima koma sanathe kunena nkhani yake. Pa makhadi onse amene anasankhidwa, atatu okha ndi amene anali osindikizidwa a masabata 8 oyamba aja. Ena onse anali olembedwa pamanja. Mnyamata wa Fomu 3 uja anasankha Afilipi 4:13, ndipo pansi pa vesilo anali atawonjezerapo vesi 12 ndi zilembo zing'onozing'ono mpaka m'mphepete mwa khadi. Mtsikana wa Fomu 1 amene anagwira cholakwa cha Tukiko tamupatsa udindo woona vesi lililonse m'Baibulo tisanalilembe pa bolodi.

Pa K150,000 tawononga K147,000. Ndalama zimene ndikuona kuti zinapita pachabe ndi K10,000 ya kusindikiza ndi fotokope, K3,000 ya bandulo ndi K4,500 ya vanishi imene ikanachepa tikanapaka thabwa lonse poyamba. Zimenezi pamodzi zikanagula Baibulo lina limodzi n'kutsalako. Mapepala olimba atha, selotepu watsala mpukutu theka, ndipo bolodi likufunika kupakidwanso penti mvula isanayambe. Ana 6 sakubweranso, ndipo tagawana mayina awo kuti mlangizi aliyense akayendere awiri kunyumba kwawo mwezi uno. Gawo lachiwiri liyamba sukulu zikatsegulira mu Seputembala, ndipo pempho limene tapereka kwa msungichuma ndi la Mabaibulo ena 8 ndi paketi imodzi ya mapepala. M'gawo limenelo tiwerenga kalata ya Afilipi yonse, machaputala ake anayi, ndime ndi ndime, ndipo vesi la pa khadi azisankha mwana mwini kuchokera m'ndime ya sabata imeneyo.